Chingwe cha Okumba Zitsime

Kalekale, ana inu, mvula itakana kugwa, kunali mudzi wina kuseri kwa phiri. M'mudzimo munali amuna okumba zitsime. Mmodzi ankatsikira pansi ndi khasu, anzake anayi n'kugwira chingwe pamwamba. Akatopa ankamukoka, wina n'kutsika.

Mmodzi wa iwo anali Kachere, wamfupi, wamphamvu, bambo wa ana ang'onoang'ono.

Onsewa ankakumbira mwini ng'ombe wina, dzina lake Chapola. Eee, Chapola! Kuumira kwake, ngakhale nkhuku za kwawo zinkakatola kwa anansi. Chingwe chimene anawapatsa chinali chakuda bii, chothetheka ndi ukalamba.

Tsiku lina chingwecho chinayamba kuduka, chinalira kuti "the!" Gwaza, mlamu wake wa Kachere, ali m'kati. Anzake anamukoka msanga, n'kumutulutsa.

Okumbawo anakhala pansi pa mkuyu. Gwaza anati, "Abale anga, tikamapita mmodzimmodzi amangotitukwana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tipite tonse, mawu akhale amodzi: chingwe chatsopano, ndi anthu anayi pamwamba nthawi zonse. Popanda zimenezo, palibe wotsika."

"Palibe wotsika!" anavomera onse. Kachere ndiye anakuwa kuposa anzake.

Anapita kwa Chapola, anawaseka. Anapitanso, anawathamangitsa. "Pitani! Njala ikubwezani."

Njala inabweradi. Kwa Kachere ana analira, analira, mpaka anasiya kulira. Kusiyako ndiye kunamuopsa.

M'mawa wina Chapola anamupeza panjira ali yekha. Paja fisi amadziwa mbuzi yotsalira m'mbuyo.

"Kachere, iwe ndiwe mwamuna, osati nkhuku zinazo. Tsika lero. Dengu la chimanga ndi lako."

"Nanga chingwe agwira ndani, bwana?"

"Ndigwira ine ndemwe. Ndi ntchito imeneyo?"

Kachere anaganiza za anzake. Anaganiza za ana ake. Mtima unamuwawa, koma anavomera. Musamuseke, ana inu, njala simunaidziwe.

Anamanga chingwe m'chiuno, anatsika. Anatsika, anatsika. Chingwe chinayamba kuwotcha manja a Chapola, manja osadziwa khasu. Kenako chinalira kuti "the!" Akanakhala anzake anayi aja, akanamukoka msanga pamodzi. Koma Chapola anadzidzimuka, anachitaya, n'kuliyatsa liwiro akuuzira zikhatho zake.

Khu!

Pansipo Kachere anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anayang'ana kumwamba: kabowo kakang'ono kowala, kopanda nkhope ya munthu.

"Bwana!" Kuli zii.

"Bwana Chapola!" Kuli zii.

Pamapeto pake anaitana dzina limene linamuchititsa manyazi. "Alamu! Alamu Gwaza!"

Amene anamva anali mkazi wake, akumufunafuna dzuwa litapendeka. Anathamangira kumkuyu ali ndi mfuu.

Wina mwa okumbawo analavula malovu. "Musiyeni. Watigulitsa ndi dengu limodzi."

"Watigulitsa, inde," anatero Gwaza. "Koma ife tinapanganiranji? Si kuti munthu asafere m'dzenje? Tiyeni."

Anasenda luzi, anapota, anapota, chingwe chinakwana. Gwaza anachimanga m'chiuno.

"Alamu, mwatsika?" analira Kachere atamuona. "Pangano lija?"

"Ndatsikira inu, sindinatsikire Chapola. Gwirani khosi langa."

Anayi anakoka. Anakoka, anakoka, Kachere anatuluka wamoyo. Koma msana unali utathyoka.

Kuyambira tsikulo palibe anayang'anako kuchitsime cha Chapola. Ng'ombe zake zinayamba kugwa ndi ludzu, lero iyi, mawa iyo. Anayesa kuitana uyu kumbali, anakana. Anayesa uyo, anati, "Mukatipeze kumkuyu." Anabwera ndithu, chipewa chili m'manja, n'kulankhula ndi onse pamodzi. Chingwe chatsopano anapereka. Anayi pamwamba anavomera. Chimanga anagawira khomo lililonse, ndipo okumbawo anamuuza kuti ayambire kwa Kachere.

Zonsezi zinachitika mwezi womwewo usanafe. Kachere atamva anaphimba nkhope ndi manja, analira ngati mwana. Akanangopirira masiku ochepa okha, ana inu, masiku ochepa!

Sanayendenso. Ankakhala pakhonde n'kumapotera anzake zingwe, akupotera pantchafu yosamva kanthu. M'mawa okumbawo akamadutsa ndi makasu paphewa, Gwaza ankaima n'kutenga chingwecho.

"Chalimba, alamu?"

"Chalimba," ankayankha Kachere. "Koma mugwire anayi."

Akatero ankawayang'ana mpaka atazimirira kuseri kwa phiri, kenako n'kutola luzi lina.

Nthano yanga yathera pompa, phulani mbatata zanu zisanapserere. Wodula pangano la anzake amadula chingwe chimene chamunyamula iye mwini.