Madzi Amene a Telala Anakana

Pa chipatala cha odwala matenda a maganizo, wodi ya abambo ndiyo inali yonyaditsa. Alendo akabwera, akuluakulu a chipatala ankawalowetsa kumeneko, kwina konseko n'kumangowalozera ndi chala. Mwini ulemu umenewu anali namwino wamkulu wa wodiyo, mayi wamtali, wosaseka pachabe, amene aliyense, kuyambira dokotala mpaka mlonda wa pageti, ankangomutchula kuti a Sisitala. M'mawa uliwonse a Sisitala ankayenda bedi ndi bedi. Ankapisa dzanja kunsi kwa matiresi kufufuza lezala kapena chingwe, ankagwedeza zitsulo za m'mawindo, ankapititsa chala pashelefu n'kuchiyang'ana. Akapeza fumbi sankakalipa ayi, ankangokuonetsa chalacho, iwe n'kulakalaka nthaka itang'ambika kuti ulowemo. Pansi pankakolopedwa ndi mankhwala afungo lamphamvu, moti ukatuluka m'wodimo mphuno inkakhala yakufa mpaka madzulo.

Koma ukhondo wa a Sisitala unkathera pakhomo. Kuseri kwa wodi, kumene kunali zimbudzi ndi thanki ya madzi yokwiriridwa pansi, kunali m'manja mwa kapitawo wa okonza nyumba. Zimbudzizo zinali ndi chizolowezi chotseka. Zikatero kapitawo ankabwera ndi chitsulo chachitali n'kutokosa m'mapaipi mpaka zonyansa zitatsika, kenako n'kupukuta manja, ntchito yatha. Kumene zinkatsikirako palibe ankafunsa. Madzi a m'thanki ija ndi amene ankatuluka pampope wa pakhonde, pomwe odwala ankamwera mankhwala. Anamwino sankamwa pamenepo. Sikuti ankanyansidwa nawo, koma aliyense ankabwera ndi botolo lake kuchokera kunyumba, ndipo tiyi wa mu ofesi anali wa madzi owira m'ketulo.

Mwa odwala onse, amene a Sisitala anamuika pamtima anali bambo wina wosoka zovala, wodziwika ndi dzina la ntchito yake, a Telala. Anabwera nawo atamangidwa manja ndi nsalu, nthiti zikuwerengeka, chifukwa matenda awo anali oganiza kuti aliyense akufuna kuwathirira poizoni. Ankakana ngakhale chakudya cha mkazi wawo, mayi amene anabereka naye ana. Patapita miyezi, mankhwala anagwira. A Telala anayamba kudya, thupi linabwerera, ndipo anayamba kudziseka okha, kunena kuti alamu awo amene ankawaganizira zoipa aja ndi munthu woti kupha nkhuku amakapempha aneba. A Sisitala anawakhulupirira mpaka kumawabwereka singano mu ofesi kuti azisoka mayunifolomu ong'ambika, chinthu chimene sanachitirepo wodwala wina aliyense. Dokotala anali atanena kuti mwezi ukatha a Telala apita kwawo, ndipo mkazi wawo anali atapukuta kale makina osokera.

Ndiye tsiku lina m'mawa, odwala ali pamzere wa mankhwala, a Telala anaponya mapiritsi m'kamwa, n'kupsontha madzi, n'kulavula zonse pakhonde.

"A Sisitala, madzi awa aipa," anatero akupukuta pakamwa. "Akununkha chimbudzi. Talawani nokha mumve."

Mtima wa a Sisitala unasweka. Mawu otere anawamvapo kambirimbiri pa zaka zawo zonse za ntchito, ndipo nthawi zonse ankatanthauza chinthu chimodzi, kuti matenda abwerera. Anayang'ana m'kapumo, madzi anali oyera bwinobwino. Kulawa anakana. Lamulo lawo, limene ankaphunzitsa namwino aliyense watsopano, linali loti wodwala woopa poizoni usamulawire, pakuti ukamulawira madzi lero mawa adzafuna umulawire mpweya. M'malo mwake anafunsa odwala ena ngati madziwo anali ndi vuto. Ambiri, kukhosi kutauma ndi mankhwala, anali atagugudiza kale makapu awo. Mkulu wina amene ankadzitcha mwini chipatala anayankha kuti madzi a pamalo pake sangaipe, ndipo wodandaula achotsedwe ntchito. Anamwino anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kwa a Telala sinathe. Masana anatsatira a Sisitala mu ofesi n'kulongosola modekha, mawu atatsitsa. Anati fungolo limakula m'mawa mpope ukangotsegulidwa. Anati pawindo la kubafa amaona udzu wobiriwira mozungulira chivundikiro cha thanki, chonsecho mvula inaleka kale ndipo kwina konse kwauma. Anati sakunena kuti pali munthu amene akuwafuna, akungopempha kuti wina akavundukule thankiyo. Tsoka la malo ngati amenewa ndi lakuti wodwala akakuwa amati matenda, akalongosola bwino amati matenda akula, ayamba kupeza ndi maumboni omwe. A Sisitala anamvetsera ndi chisoni chenicheni, pakuti ankawakonda bambowo. Kenako anawalanda singano n'kukauza dokotala.

Dokotala anali ndi mawodi ambiri oyendera, ndipo mawu a a Sisitala sankawakayikira. Anawonjezera mankhwala, za kupita kunyumba n'kuti ziyambe zaima mpaka wodwala atasiya kukana madzi. Kuchoka mu ofesi kukafika pathanki panali pafupi kuposa kupita kukhitchini, koma a Sisitala sanapondeko. Ankaona ngati kupita kukasuzumira n'kugwirizana ndi matenda, ndiponso odwala akaona namwino wamkulu akununkhiza madzi, wodi yonse ikana kumwa.

A Telala anayamba kumeza mapiritsi ndi malovu. Ankamwa tiyi wa m'mawa yekha, tsiku lonse n'kukhala pabedi milomo itang'ambika, maso akulemera ndi mankhwala atsopano aja. Tsiku loona odwala mkazi wawo anamva zonse, ndipo ulendo wotsatira anabwera ndi botolo lalikulu la madzi a kunyumba atalikulunga m'nsalu. A Sisitala anakumana naye pakhomo la wodi.

"Mayi, botolo ilo libwerere. Mukawapatsa madzi apadera ndiye kuti mukuwauza kuti akunena zoona. Mukudyetsera matenda. Mukufuna akhale muno mpaka liti?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Anali munthu wofatsa, wotopa ndi kulera ana yekha, ndipo chimene ankafuna padziko lapansi chinali choti mwamuna wake abwerere ali bwino. Anakumbukira masiku amene bambowo ankakankha mbale zake n'kumamutcha mfiti. Anasiya botolo kwa mlonda, n'kulowa chimanjamanja. A Sisitala anatunga kapu pampope wa pakhonde n'kumupatsa kuti akawamwetse yekha.

Mayiyo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwanyengerera. Anawauza kuti ana akufunsa tsiku lililonse, kuti makasitomala akubwera ndi nsalu n'kubwerera nazo, kuti iye yekha mphamvu zamuthera. Misozi inayamba kutsika.

"Bambo a ana, imwani chonde. Mukamwa akutulutsani. Chitirani ine."

A Telala anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mkazi wawo, kenako a Sisitala amene anaima kumiyendo kwa bedi manja ali kumbuyo.

"Ndikamwa ndipita kwathu?"

"Mukamamwa ngati anzanu, mupita," anayankha a Sisitala.

A Telala anamwa osapumira. Anapempha kapu ina, nayonso anaimaliza, kuti pasakhale wonena kuti achita mokakamizika. Mkazi wawo anawagwira dzanja akuthokoza, ndipo a Sisitala anabwerera mu ofesi mtima uli m'malo. Tsiku limenelo anauza anamwino achitsikana kuti aone mmene kulimba mtima kumachiritsira, pakuti chifundo chopusa n'chimene chimasunga anthu m'chipatala. Kuyambira pamenepo a Telala ankamwa pamzere ngati wina aliyense, osanenanso kanthu za fungo.

Woyamba kutsegula m'mimba anali mkulu uja wodzitcha mwini chipatala. A Sisitala anati ndi ukalamba. Mawa lake anali atatu, ndipo anati ndi chakudya, mpaka anapita kukhitchini kukakalipira ophika, amene anayankha kuti mawodi ena akudya za mumphika womwewo koma kulibe wodwala. Sabata isanathe zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Theka la wodi linali gone, ena kusanza, ena osatha n'kufika kuchimbudzi komwe. Pansi paja pamene alendo ankadziyang'anirapo nkhope panadzaza ndowa, zofunda zinatha m'sitolo, ndipo mankhwala okolopera aja analephera kubisa fungo. Odwala ena sankamvetsa chimene chikuwachitikira, ankazula madiripi n'kumalira ngati ana. A Sisitala anavula nsapato zawo zoyera n'kuvala majombo, n'kumagwira okha ntchito imene sanaigwire kwa zaka zambiri.

Akuluakulu ataona kuti matenda ali m'wodi imodzi yokha, analamula kuti madzi ayezedwe ndipo thanki itsegulidwe. A Sisitala anapita nawo kuseri kuja, koyamba chiyambire nkhaniyi. Udzu unalidi wobiriwira, nthaka ikumira ukaponda. Kapitawo ndi anthu ake atakankha chivundikiro, onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Atakumba pambali anapeza paipi ya kuchimbudzi itasweka, mwina ndi chitsulo chotokosera chija, ndipo zonyansa zinali zikulowa m'thanki kudzera mumng'alu wa khoma. Kapitawo, pofuna kudzichotsa pamlandu, anatambasula manja n'kunena mokweza kuti iye sakanalota, pakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti madzi asintha. Dokotala anavomereza kuti n'zoona, panalibe dandaulo lililonse. A Sisitala ankadziwa kuti zimenezo sizinali zoona. Dandaulo linalipo, ndipo ndi iwo amene analisandutsa matenda.

Anathamangira m'wodi molunjika bedi la a Telala. Bambowo anali atadwala mochedwerapo kuposa anzawo, koma matenda anawapeza thupi litafooka kale ndi masiku aja okana madzi, ndipo mankhwala owonjezera ankawagoneka tulo tolemera moti sankaitana ngakhale zitawavuta. Pa chipwirikiti chonsecho, wodwala wosakuwa ankaoneka ngati akupezako bwino. A Sisitala anawapeza maso atalowa m'kati, khungu litakwinyika, manja ali zii. Anafufuza mtsempha woika diripi pamkono, pamwendo, mpaka pakhosi, akuwaitana dzina mobwerezabwereza. A Telala anatsegula maso pang'ono, koma sizinaoneke kuti azindikira munthu. Dzuwa lisanapendeke anatsirizika, a Sisitala atawagwira dzanja.

Mkulu uja wodzitcha mwini chipatala anachira, ndipo enanso ambiri anachira. Thanki inatsekedwa, madzi n'kumabwera pagalimoto. Akuluakulu anagwirizana kuti wolakwa ndi paipi yakale, pakuti paipi siyankha.

Mkazi wa a Telala anabwera ndi mlamu wake kudzatenga thupi. Anali atamva kale kwa mlonda za paipi ndi thanki, popeza nkhani yotere siyenda ndi miyendo. A Sisitala akanatha kutuma namwino wina kuti akapereke katundu wa malemu, koma anapita okha, atanyamula kachikwama ka zovala. Ankayembekezera kutukwanidwa, mwinanso kumenyedwa, ndipo mumtima ankati zikatero zikhala bwino. Mayiyo sanakuwe. Analandira kachikwamako n'kukaika pamiyendo.

"A Sisitala, ndifunse chimodzi chokha," anatero. "Pamene ankakana madzi paja, anali akudwala?"

Panali mayankho ambiri a chipatala amene a Sisitala ankawadziwa, oti matenda a maganizo ndi ovuta kuwamvetsa, oti palibe akanadziwa. Onsewo anawasiya pambali.

"Ayi, mayi. Anali atachira."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ikugwera pakachikwama.

"Ndiye ndinawamwetsa ndi dzanja langa munthu wabwinobwino," anatero, n'kudzuka. Mlamu wake anamugwira mkono n'kutuluka naye.

A Sisitala anatsala ataima pakhonde, pafupi ndi mpope umene tsopano unali utamangidwa ndi waya. Chisoni chimene anali nacho sichinali choti n'kuuza munthu, ndipo sichinawachoke mpaka anapuma ntchito. Anali atasesa wodi yawo kwa zaka zambiri, kuchotsamo lezala, chingwe ndi fumbi, koma chimene chinapha munthu chinalowa poyera, wochiona atachinena momveka, iwo n'kutseka makutu chifukwa cha bedi limene wonenayo ankagonapo. Akuluakulu akale anaziona zotere pamene ankati wamisala anaona nkhondo.