Chikhatho Chimene Msoki Anadula

Kalekale, makina osokera asanafike kuno... Sendera pafupi, Lonje, ndikunong'oneze. Mzere wa sikelowu ukuyenda, ndinena mwachangu.

Kalekaleko, pamudzi wina panali bambo wosoka zovala, dzina lawo a Dzonzi. Lero tikanati telala. Nthawi imeneyo mawu amenewo kunalibe. Ankangoti msoki, poti ntchito yake n'kusoka. Singano, ulusi, lumo, basi.

A Dzonzi poyeza mwana ankatenga luzi. Kuchoka paphewa mpaka m'mawondo. Akafika pamenepo osadula ayi. Ankaika chikhatho chawo, n'kuonjezera. M'mbali namonso chimodzimodzi. Nsalu yotsalayo ankaipinda mkati, n'kusoka. Mwana akakula, mayi ake ankamasula ulusi, chovala n'kukula naye.

Anthu akafunsa, iwo ankati woyeza munthu ndendende ndi mdzukulu wokumba manda, ndi bango lake lija. Wamoyo amamusiyira pokulira.

Ndiye panali mayi wina, Namaseko. Mwana wake anali mmodzi yekha, wamkazi, Tinyade. Wamkulupo pang'ono kuposa iwe, dzino lakutsogolo litangoyamba kugwedera.

Tinyade anali ndi diresi losokedwa ndi a Dzonzi. Amayi kuchitsime ankaliseka. Ankati mwana wa Namaseko wavala thumba la chimanga, ungalowemo ndi mlongo wako. Namaseko ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Tsiku lina mwamuna wake anabwera kuchokera ku Halale ndi nsalu yamaluwa. Pamudzipo panali pafupi kuchitika ukwati. Namaseko anatenga nsalu, anatenga mwana, ulendo kwa a Dzonzi.

Anagwada, nati akufuna diresi lomugwira mwana bwinobwino, lopanda chopinda mkati. A Dzonzi anakana. Mawa lake anabweranso. Anakananso. Mkuja wake Namaseko sanagwade n'komwe.

"Ingonenani kuti manja akalamba, a Dzonzi. Simutha kusoka diresi, mumatha matumba."

Pakhonde pa a Dzonzi panali anthu. Anaseka. A Dzonzi manyazi anawagwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo. Anatenga luzi. Paphewa, m'mawondo. Chikhatho osaika. Lumo linalira, khwee.

Kansalu kotsalako anamupatsa Namaseko m'manja. "Sungani aka, mayi. Musakataye."

Diresi linakongola, Lonje, sindikunama. Paukwati paja anthu anasiya kuyang'ana mkwatibwi, maso onse pa Tinyade. Amayi a kuchitsime aja kukamwa yasa. Namaseko anavina mpaka fumbi m'mutu.

Kansalu kaja? Koloboyi wa m'nyumba chingwe chinali chitatha. Namaseko anakapota, n'kukaviika m'mafuta, n'kuyatsa. Kanayaka masiku angapo. Kanatha.

Mvula inagwa, anthu anakolola. Anzake a Tinyade madiresi anayamba kuwathina, amayi awo n'kumamasula ulusi. La Tinyade linali lomukwana.

Mvula inagwanso, anakololanso. Lomukwanabe. Dzino lija linkangogwedera, osaguluka.

Tinyade ankaima pamphuthu ya chitseko, pamene bambo ake analemba ndi khala, n'kufunsa kuti, "Amayi, ndafika pati?"

"Pomwe paja, mwanangu."

Anamupatsa mazira, anamupatsa phala la nsinjiro. Pomwe paja. Anamuvula diresi lija, n'kumuveka malaya a bambo ake, aakulu. Pomwe paja. Anapita kwa asing'anga atatu, mbuzi zinatha m'khola. Pomwe paja.

Ndipamene Namaseko anabwerera kwa a Dzonzi. Ulendo uno anagwadira patali, n'kuyenda chokwawa. A Dzonzi anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anati palibe kanthu, abweretse kansalu kaja, alumikiza.

Namaseko anangoti zyoli. Ananena za koloboyi.

A Dzonzi sanamukalipire. Misozi inangotsika. "Inu simunkadziwa, mayi, munkangofuna mwana akongole. Ndinkadziwa ndine. Ndinadula chifukwa anandiseka."

Anayesa kulumikiza nsalu ina, ulusi unkangoduka. Anayesa nsalu ya mbereko yomwe Tinyade anaberekedwa nayo, singano inathyoka. Kuyambira tsiku limenelo a Dzonzi sanagwirenso lumo. Chaka chisanathe anamwalira.

Khala bwino, usatsike pamwendopa. Atsala anthu anayi tisanafike.

Zaka zinapita. Anzake a Tinyade anatha msinkhu, analangizidwa, anakwatiwa. Iye ankapita kumaukwati awo ndi diresi lamaluwa lomwe lija, n'kumatola maswiti pansi pamodzi ndi tiana. Bambo ake anatopa nazo, anabwerera ku Halale, osalembanso kalata.

Kenako kunamveka mbiri yoti pakhonde la sitolo, kuboma, pafika munthu wosoka ndi mapazi. Makina ake amati tetetete, diresi latha dzuwa lisanapendeke. Ameneyo sankamutchula msoki. Azungu amene anabweretsa makinawo anali ndi dzina lawo la munthu wotere, ife lilime linakana, tinangolipinda n'kuti telala. Ndi limene timanena mpaka pano.

Namaseko anati mwina wamakinayu adziwa. Anabereka mwana, masiku awiri wapansi.

Telala uja anali ndi tepi m'khosi, choko kukhutu. Anamvetsera nkhani yonse phazi lili pamakina. Poyamba anaseka, nati mayi mwamwa chani m'mawa uno. Kenako anamufunsa Tinyade kuti anabadwa liti. Tinyade anati chaka cha dzombe. Telalayo phazi linaima. Chaka cha dzombe ndi chimene anabadwa iyenso, ndipo iye anali ndi ndevu, ana anayi.

"Mayi, ine ndimalumikiza nsalu. Zaka sindilumikiza."

Anabwerera. Panjira Tinyade anagona kumsana. Namaseko sanalire mokweza, kuopa kumudzutsa.

Namaseko anakalamba. Msana unapindika, khasu linayamba kumulemera. Chimene chinkamusowetsa mtendere sichinali imfa ayi. Chinali chakuti, ndikapita ine, mwana wosakula amusunga ndani? Mwana wamasiye anthu amamulera poti mawa adzakula, adzawatungira madzi. Nanga uyu?

Anayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yake. Ena anati nyumba yachepa. Ena anati akaganiza. Ena anangotseka chitseko, ankaopa.

Khomo lomaliza linali la mayi wina dzina lake Esinala. Ameneyu ali mwana ankasewera masanje ndi Tinyade, ankagona mphasa imodzi. Tsopano anali ndi imvi mutu wonse, zidzukulu zili yakaliyakali pabwalo. Esinala sanalole kuti Namaseko amalize kupempha. Anati amutenga.

Patangopita sabata Namaseko anagona, osadzukanso. Mawu ake omaliza anali opepesa, koma Tinyade sanamvetse chimene amayi ake akupepesa.

Maliro atatha, Esinala anabwera, natambasula dzanja. "Tiye kwathu, mnzanga. Ukundikumbuka? Tinkaphika dothi limodzi kuseri kwa nkhokwe."

Tinyade anamuyang'ana, anamuyang'ananso. Anagwada bwinobwino, monga anamuphunzitsira amayi ake.

"Zikomo, agogo."

Esinala anatembenukira kukhoma. Kenako anamubereka.

Wamva, Lonje? Anthu adzaseka, asiye aseke, kuseka sikupha. Mwana samuyeza za lero zokha. Ukadzakhala ndi wako, ukapita naye kwa telala, udzanene kuti asiye pokulira, ngakhale aoneke ngati wavala thumba. Udzakhala naye, wamva? Udzakula iwe. Mwezi watha sikelo sinakwere, mwezi winawo sinakwere, koma lero ikwera. Wadya phala lonse m'mawa, ndakuona ndine.

Ndi ife tsopano, akutiitana. Vula nsapato, usalire akakukweza.

Nthano yangayi yathera pomwepa.