Kagemu ka Yoram ndi Nyimbo za Malemu

Yoram Jere, telala wa pamsika wa Mzimba Boma, anakhalako ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chibwerereni panalibe cha magetsi chimene munthu wa kuno akanamuphunzitsa. Ntchito ikachepa ankalakalaka magemu akale aja, a timunthu tolumpha maenje. Atamva kuti kwabwera timakina ta m'manja tosewerera magemu amenewo, mtima unali dyokodyoko.

Khomo loyandikana ndi lake linali la Lusayo, wokonza mafoni, amene timakina totere ankatitsegula sabata ndi sabata. Kufunsa kunali kungosuzumira. Koma Yoram anadutsa, nakasankha yekha. Pa mitundu itatu imene anapeza anatola kotchipitsitsa, poti pakatoni panalembedwa kuti muli magemu zikwi makumi awiri.

"Mwagula kotani, akulu? Tione," anatero Lusayo.

"Iwe, zinthu izi ndinayamba kuzigwira usanamere mano," anayankha Yoram.

Tsiku lachitatu memori khadi ya m'kagemuko inafa, magemu onse zii! Manyazi anamugwira, ndipo anapita nako kunyumba mwakachetechete. Anapeza mkazi wake Marjory atapita ku msonkhano wa amayi a mpingo, foni atasiya patchaja.

M'fonimo munali khadi, ndipo Yoram ankadziwa bwino lomwe zimene zinali pakhadipo. Apongozi ake aamuna a ku Edingeni ndiwo ankatsogolera nyimbo za gule wa ingoma m'mudzi mwawo. Atatsala pang'ono kumwalira, Marjory anawajambula mawu akuimba nyimbo zisanu ndi imodzi, ndipo sizinasungidwe kwina kulikonse. Loweruka sabata yomweyo kunali kuvundukula chiliza chawo, abale onse akudikira kumvanso mawuwo.

"Ndingoyesera ngati kali moyo, mbwenu ndibwezera," anadziuza choncho.

Atalowetsa khadiyo m'kagemu, pasikirini panabwera zilembo za Chitchaina ndi timabokosi tiwiri. Foni yake inali m'thumba, nambala ya Lusayo ilimo. Koma munthu wa ku Joni angafunse mwana wadzulo? Anadina batani lomwe amadina magemu akamachedwa kuyamba. Kamzere kanayenda mpaka kudzaza, koma gemu osaoneka. Anatsonya, nabwezera khadi ija m'foni.

Marjory atabwera anatenga foni kuti atumize nyimbozo kwa mlongo wake wokonza za sipika. Anafufuza, nafufuzanso. Kenaka anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Bambo a Pamela, adada ali kuti?"

Kagemu kanali pampando, kakuwala, ndipo Marjory anakaona.

"Mwachita chiyani? Ndapota, ndiuzeni kuti simunakhudze!"

Anathamangira kwa Lusayo onse awiri. Lusayo anaika khadi pakompyuta, nagwira kukamwa.

"Mayo! Akulu, kamakufunsani ngati kafufute zonse, inu n'kuvomera. Ndiye kalembaponso zake pamwamba. Mukanangondiimbira ndikanati zulani khadi, basi."

Analimbana nayo masiku awiri. Chimene anapulumutsa chinali kachidutswa kosakwana mpweya umodzi.

Loweruka ku Edingeni anthu anadzaza, amuna a ingoma atagwira zishango, okonzeka kuvina akangomva mawu a mtsogoleri wawo. Marjory sanabise kanthu. Anafotokoza zonse mwamuna wake ataima pomwepo, kenaka anapereka foni. Pasipika panamveka nkhalamba ikutsokomola, nifunsa mwaulemu wake uja:

"Mwana wane, niyambe?"

Panalibenso china. Anthu anadikirabe, makutu ali tcheru, mpaka apongozi aakazi anayamba kulira ngati maliro achitika lero. Zishango zinatsika chimodzichimodzi. Yoram sanathe kuyang'ana munthu kumaso.

Mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu ankapempha chilolezo kwa mwana wake asanaimbe nyimbo yakeyake, pamene mkamwini analephera kufunsa funso limodzi lokha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.