Phula la pa Galimoto ya Apongozi

Ku Kafue Estates, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa a Lastone Ngoma, pankaima Pijo yakale yabuluu. Galimotoyo inali yaikulu msinkhu kuposa ana onse a pakhomopo, koma ukaiona m'mawa itapukutidwa unkachita kuima kaye. A Ngoma anachoka ku Chadiza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo galimotoyo anaigula atakwatira kale malemu a Fines. Tsiku limene inafika pakhomo, mayiwo anatenga penti yoyera ndi nthenga ya nkhuku n'kulemba kumbuyo kwake ndi dzanja lawo: "Yendani bwino, Fines akudikira." Zilembozo zinali zokhotakhota, china chachikulu china chaching'ono, koma a Ngoma sanalole mmisiri aliyense kuziwongola.

A Fines asanatsikire kuli chete anasiya mawu akuti mwana wawo wamkazi aliyense adzapite kutchalitchi pa tsiku la ukwati wake ali m'galimoto imeneyo. Awiri anapita kale. Anatsala ndi Molly, chitsirizira, amene ukwati wake unali Loweruka la mu Okutobala.

Wodzamukwatira anali Kumbukani Mwale, wogulitsa mafoni pafupi ndi msika wa m'tauni ya Kafue. Tisamunamizire, anali mnyamata wakhama, wosamwa, wopemphera mpaka mawu kusasa. Nthenda yake inali imodzi yokha, ndipo dzina lake linali "naziba", kutanthauza "ndikudziwa" m'Chinyanja cha m'tauni. Ukamuuza kuti kukubwera mvula, iye ankati anaona kale pafoni. Ukamulozera njira, ankagwedeza mutu usanamalize, kenako n'kukasochera yekhayekha. Kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pagulu.

Lachisanu m'mawa a Ngoma anadzuka mawondo atatupa, moti sakanatha kuwerama ndi ndowa. Kumbukani atamva, anatumiza mawu kudzera mwa Molly kuti galimotoyo aitsuka ndi iye. Mkamwini salankhula ndi apongozi ngati mnzake wa pa bawo, choncho makiyi anatuluka nawo ndi Molly, yemwe anamupeza ataima kunja kwa geti.

"Adadi bakamba ati manzi na sopo chabe," anatero Molly. "Ati ukafuna kuchita vinangu, ufunse."

"Naziba," anayankha Kumbukani akumwetulira. "Iwe uzaona chabe mailo pa ukwati. Kafue yonse izaima."

Chimene Molly sanadziwe n'chakuti m'thumba la mwamuna wakeyo munali botolo. Analigula dzulo lake pa siteshoni ya maminibasi kwa munthu wina wa jekete lonyezimira, amene ankafuula kuti ali ndi wakisi wa kunja, phula lopaka galimoto losandutsa chitsulo kukhala galasi. Botololo linali lokongola, tisakane. Linali la mtundu wagolide, lili ndi chithunzi cha mayi akudzola milomo akudziyang'anira pa chitseko cha galimoto. Zolembedwa zake zinali m'zilembo zimene palibe munthu wa ku Kafue akanaziwerenga, koma Kumbukani anaziyang'ana n'kugwedeza mutu ngati wamva zonse.

Njira yopita kunyumba imene ankachita lendi inkadutsa pafupi ndi njanji, pamalo otsukira magalimoto a mayi Eunice. Mayiwa ankapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo anali atatsuka magalimoto zaka khumi ndi zisanu. Ataona Pijo ikubwera anaimika ntchito n'kukweza dzanja. Kumbukani anaima, botolo lili pampando wa pambali.

"Ba Kumbu, muli shani? Ngenesani motoka ya ba shikulu ba Ngoma tiisuke, ni ya ukwati iyi!" Kenako maso awo anagwera pa botolo lija, nkhope n'kusintha. "Nanga ico cibotolo mwacitenga kuti? Imani nikuuzeni..."

"Ni vinthu va manje manje, ba Eunice, imwe simungavizibe," anatero Kumbukani. Analiza hutala n'kunyamuka, kuwasiya mayiwo kukamwa kuli yasa.

Mumtima mwake ankati, ine munthu wogulitsa mafoni, ndikaphunzitsidwe ndi mayi wa ndowa ndi siponji? Nanga apongozi, ndikawafunse kapukutidwe ka galimoto, adzati mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wotani? Mmene ankafika kwawo n'kuti dzuwa lili paliwombo, lija la mu Okutobala lotentha mpaka nkhuku kuyasamula. Anaimika galimoto pamtetete, naitsuka bwinobwino ndi madzi ndi sopo. Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe.

Chivindikiro cha botolo chinakana kutseguka, ndiye anachiluma ndi mano. Chinangoti phu! Phula lija linamuthovukira m'kamwa. Linali lowawa, loyabwa lilime, fungo lake ngati la mankhwala osungunulira penti. Munthu wina akanadzifunsa kuti chinthu chowotcha lilime chonchi chikachita chiyani pa penti ya zaka makumi atatu ndi zisanu. Kumbukani analavula, napukuta milomo, nati mankhwala amphamvu ndi owawa. Anapaka boneti, zitseko, denga, osasiya ndi malo a chala omwe. Kumbuyo, pa zilembo zija, anachita kupakapo mowirikiza kuti mawu a apongozi ake aakazi awale kuposa kale. Atatha anasiya galimoto padzuwa kuti phula lilowerere, iye n'kupita kukameta tsitsi la ukwati.

Anabwerako patapita maola awiri akuimba mluzu. Galimoto inali itayera mbuu, phula litauma gwa. Anatenga nsalu yoyera n'kuyamba kupukuta pa boneti. Atainyamula nsaluyo kuti aione, mluzu unathera pakamwa. Nsalu inali yabuluu.

"Mayo ine!"

Anapukuta pena, nsalu n'kubweranso yabuluu. Pamene padutsa dzanja pankatsala chigamba chotuwa, pena mpaka chitsulo kuonekera. Anathira madzi, madziwo n'kutsika abuluu mpaka m'ngalande. Kenako anakumbukira kumbuyo, nathamangirako mtima uli m'mwamba. Anagwira nsalu mwaulemu, n'kungokhudza pang'ono chabe. Penti yoyera ija inatsatira nsalu ngati phala la mwana. Dzina la a Fines linapita, "akudikira" anapita, "bwino" anasanduka chimtambo chotuwa. Kumanzere kokha, kumene phula linachepa, kunatsala liwu limodzi: "Yendani."

Kumbukani anakhala pansi m'matope abuluuwo, manja ali kumutu. Anachita mantha enieni, oti ngakhale kupemphera mawu sanatuluke. Liwu lotsalalo linkamuyang'ana ngati galimotoyo ikumuthamangitsa pabanjapo asanalowe n'komwe.

Uja sankafunsa, tsopano anayendetsa galimoto mpaka kwa mayi Eunice. Itangolowa, mipope inatsekedwa, anthu onse n'kuunjikana. Wina anagwira pakamwa, wina anangoti, "Yesu wanga!" Mayi Eunice anaizungulira kamodzi, siponji ili m'manja ikudontha.

"Ba Eunice, nithandizeni," anatero Kumbukani. "Ningacite bwanji kuti ibwelele?"

"Manje ndiye mufunsa?" Mayiwo anaitana dalaivala wa takisi amene anakhala pa benchi. "Ba Mabvuto, baoneseni boneti yanu."

Mabvuto analoza takisi yake yoyera, imene boneti yake inali mawangamawanga ngati nkhanga. "Cibotolo cimozimozi ico, mwana," anatero. "Ine cinanidyela boneti. Muzanga wa minibasi anapaka pa malaiti, manje yaoneka monga maso ya nsomba yophika. Wina anapaka pa dashibodi, yasweka monga munda wa cilala. Tonse tinabwela kulila pano pamene. Uja wa jekete tamusakila, sagona tauni imozi kabili."

"Kafue yonse iziba, kucosako imwe ba naziba," anatero mayi Eunice. Sankaseka, ukali unali utawagwira. Anamufotokozera kuti chimene chili m'botolomo si phula lenileni, n'chosakaniza ndi mankhwala odya penti. Anati penti yakale ngati ya Pijo ilibe chikopa chapamwamba chija chimene magalimoto atsopano ali nacho, ndiye chilichonse chaukali chimafika pamnofu. Ngakhale phula labwino, munthu amayamba wayesa pakamalo kobisika, pamthunzi, osati kupaka galimoto yonse padzuwa la masana n'kupita kokameta.

"Penti si nkhani, ba Kumbu, ba penta baliko," anamaliza motero akuloza kumbuyo kwa galimoto. "Koma kwanja kwa ba Fines muzakupeza kuti? Munthu ali kumanda angabwele kulemba futi?"

Kumbukani anamva kuwawa kuja kukubwereranso pa lilime.

Dzuwa litapendeka analowetsa galimoto pa geti la a Ngoma. Molly anatuluka akuthamanga ndi nsalu zokongoletsera m'manja, ndipo atangoiona anakuwa, nsalu zonse n'kugwera pansi. Azakhali ndi alendo amene anabwerera ukwati anatuluka m'nyumba, aliyense n'kuima pamene wafika. Kumbukani anatsika, napita chapatali, nagwada pafumbi mutu uli pansi.

A Ngoma anatuluka pomalizira, akutsimphina ndi ndodo. Sanayang'ane boneti kapena zitseko. Anapita molunjika kumbuyo, naima pamenepo nthawi yaitali. Anatambasula dzanja n'kuyendetsa chala pamene panali dzina la mkazi wawo, kuyambira pa chilembo choyamba mpaka chomaliza, ngati zilembozo zikadalipo. Kenako anatsegula buti natulutsa kachitini kakang'ono ka phula, kansalu kofewa, ndi kapepala kolimba kodulidwa motalika.

"Apongozi," anatero nkhalambayo, mawu ali pansipansi, "kapepala aka mukukaona? Ndikamapaka phula ndimayamba ndaphimba mawu a amayi anu ndi kameneka. Zaka makumi atatu ndi zisanu, nsalu sinakhudzepo zilembo zimenezi. Ndimazitsuka ndi chala, ndi madzi okha. Zonsezi zinali m'buti momwemu, mwayenda nazo tsiku lonse."

"Ndalakwa, atate," anatero Kumbukani, Chinyanja cha m'tauni chitamuthawa. "Ndimafuna kukusangalatsani. Ndinachita manyazi kufunsa."

"Manyazi?" A Ngoma anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba. "Mwambo umati mkamwini asadye mbale imodzi ndi apongozi. Sunanene kuti asafunse. Mukanatuma Molly, yankho lake linali liwu limodzi lokha: musakhudzepo."

Molly ankalira mosatonthozeka. Azakhali ena anayamba kunena kuti abwereke galimoto ina, ena kuti aiphimbe yonse ndi nsalu ndi maluwa anthu asaone. Kumbukani anangodikira kumva kuti ukwati watha, poti liwu lija kumbuyo kwa galimoto linali litanena kale. Koma a Ngoma anagogoda ndodo pansi.

"Amake mwanayu ananena kuti apite pa galimoto iyi, ndipo apita pa galimoto iyi. Musaiphimbe ndi kanthu. Iyende mmene ililimu."

Loweruka Kafue inaimadi, monga analonjezera Kumbukani. Pijo inadutsa pamsika pang'onopang'ono, yamawangamawanga, riboni imodzi yokha ili pa boneti. Amayi ogulitsa tomato anaimirira, makondakitala anasiya kuitanira anthu a ku Lusaka, ndipo funso linali limodzi paliponse: "Yacita bwanji motoka ya ba Ngoma?" Kumbukani, ataima pakhomo la tchalitchi mu suti yake, anamva dzina lake likuyenda m'manong'onong'o kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Ukwati unadalitsidwa, nthungululu zinalira, koma pa phwando mkwati sanadye. Lilime linali litasupuka, nyama ya nkhuku inkangomveka phula lokhalokha.

Madzulo, akwati atakwera Pijo ija kuti azipita kunyumba kwawo, a Ngoma anabwera n'kuima kumbuyo kwa galimoto. Kumbukani anatsika kuti atsanzike, nagwada pambali pawo. Nkhalambayo sinamuyang'ane, maso anali pa liwu lotsala lija.

"Apongozi, mwana wanga ndakupatsani ndi mtima umodzi, mumusunge," anatero. "Koma mudziwe chimene mwanditengera. Chimwalirireni amayi anu, m'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi kapu yanga ya tiyi kudzawerenga pano kuti Fines akudikira. Lero ndadzuka, ndapeza akungondiuza kuti yendani."

Kumbukani anaweramitsa mutu. Misozi inagwera pa suti ya ukwati, anthu onse akuona.

Galimotoyo anadzaipentanso patapita miyezi, ndipo inawala. Kumbuyo kokha a Ngoma anakaniza, pakadali chigamba chotuwa ndi liwu limodzi mpaka lero. Kumbukani amati akabwera kudzacheza ndi mkazi wake, amadutsa pansi pa mango paja atayang'ana kumbali. Masiku ano amafunsa ngakhale njira ya kumsika, kungoti funso limene likanapulumutsa dzanja la a Fines linali la Lachisanu lija. Akuluakulu sanalankhule zopanda mutu pamene anati safunsa anadya phula.