Khutu la a Chikaonda

Kudera kwathu kuno kunali mmisiri wina wowotcherera zitsulo, a Chikaonda. Mageti, mabedi, mbaula, zonse ankaziwotcherera atagwada pansi. Moto unkathethekera kumapazi. Nkhope ankaiphimba ndi chigoba chogwira m'manja, ndipo chinkawakwanira.

Tsiku lina mpingo unawapatsa ntchito yowotcherera zitsulo za denga la tchalitchi chatsopano.

Akazi awo anati, "Bambo a Tiyanjane, kumwambako moto uzikugwerani. Kaguleni chipewa chomanga m'mutu chija, chophimba makutu ndi khosi."

Anapitadi kutauni. Wogulitsa anawaveka chipewa chopepuka, cha lamba wogwira bwino ngakhale munthu atagadamitsa mutu, chokhala ndi chikopa cholendewera m'khosi. A Chikaonda anadziyang'ana pagalasi n'kuchivula.

"Ndizioneka ngati chule, achimwene? Ndipatseni chogwira m'manja chatsopano."

Tsono pano ndikunong'onezeni, ngakhale msika wonse ukudziwa. Pafupi ndi tchalitchicho pankakhala mayi wina wogulitsa nthochi, woseka bwino. Chigoba cha m'manja chimatsika msanga munthu akafuna kumwetulira. Chipewa chomanga ayi. Ine sindinanene kanthu!

A Chikaonda anakwera makwerero. Dzanja lamanja linagwira chowotcherera, lamanzere chigoba. Logwirira makwerero panalibe. Anagadamitsa mutu n'kuyamba. Timadontho ta chitsulo chamoto, timene zaka zonse tinkagwera pansi, tinayamba kutsikira m'tsitsi ndi m'kolala. Anapirira, poti pansi panali wowaonerera. Kenaka dontho limodzi linalowa m'khutu.

Anakuwa. Makwerero anapendama. Anataya zonse n'kukumbatira mtanda wa denga, miyendo ili lendelende.

Mayi wa nthochi anathawa kuopa umboni. Amene anagwira makwerero ndi akazi awo, omwe anali atangofika ndi chakudya chamasana.

"Tsikani bwino, bambo a Tiyanjane," anatero. Sanaonjezepo mawu ena, mpaka lero.

Moyo unapulumuka, khutu linafa. Denga analimaliza atachira, atavala chipewa chomwe chija, chogulidwa ndi akazi awo. Masiku ano akakhala m'tchalitchimo amapendeketsa mutu kuti amve ulaliki, ndipo mayi wa nthochi uja amakhala tsidya la amayi, osawayang'ana n'komwe.

Inu mukuwerenganu, musangoseka monga ndinasekera ine poyamba. Chigoba chija sichinali choipa. Chinali cha pansi. Mwina nanunso mwakwezedwa posachedwapa, kuntchito, kumpingo kapena m'banja, ndipo mukudalirabe zimene zinkakutetezani muli m'munsi. Musanakwere, funsani kumene moto uzigwera. Funsaninso ngati manja anu onse ali omasuka, kapena limodzi latanganidwa ndi kuoneka bwino. Ndipo wokuchenjezani m'nyumba mwanu mumumvere makutu akadali awiri.