Mita Yopachikidwa pa Msomali

Pakhoma la galaja ya Nyundo, pamwamba pa tebulo la masipanala, panali msomali umene unkanyamula mita yoyezera magetsi. Mitayo inali itachita fumbi, mawaya ake awiri, wofiira ndi wakuda, ali okulungidwa bwinobwino monga momwe mwini wake anawasiyira. Akangaude anali atamangapo mudzi ndipo palibe amene ankawasokoneza. Kasitomala akafunsa za chipangizocho, Nyundo ankangoti n'chokongoletsera khoma, n'kusintha nkhani.

Mwini wake anali mkulu wake wa Nyundo, amene anthu ankamutcha Singano. Abale awiriwa anatsegula galajayo limodzi, ndipo maina awo ankanena zoona. Nyundo anali wa zitsulo, wamanja achangu, woti injini akaitsitsa m'mawa pofika masana yabwerera m'malo. Singano anali wa magetsi, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Galimoto ikabwera itayatsa nyali yochenjeza, iye ankakoka kampando n'kuyamba kutsata waya mmodzimmodzi, uku akuimba kamluzu kosadziwika mutu wake.

Chimene chinawalekanitsa ndi pakamwa. Tsiku lina makasitomala atadzaza pabenchi, Nyundo anapsa mtima poona mkulu wake akadali pagalimoto yomwe ija ya m'mawa. Ananena mokweza kuti galajayo ikudya thukuta la munthu mmodzi, wina akungosewera ndi timawaya. Singano anamaliza ntchito imene anali nayo, anakulunga mawaya a mita yake, anaipachika pamsomali n'kutuluka. Posakhalitsa anasamukira kutauni ina yakutali ndi banja lake. Zaka zinadutsa abalewa osalankhulana, ndipo Nyundo analumbira mumtima kuti adzaonetsa dziko kuti galaja imayenda popanda chinthu chapamsomalicho. Kunyada kwa munthu waluso n'kovuta kuchiza, chifukwa kawirikawiri zinthu zimamuyenderadi.

Ndiye kunabwera tsiku limene galimoto yake yomwe inayatsa kanyali kachikasu. Nyundo analumikiza makina ounikira matenda a galimoto, ndipo makinawo anati njira ya magetsi ya sensa ya okosijeni ili ndi vuto. Sensa imeneyi ndi kachipangizo komangidwa papaipi ya utsi. Ntchito yake ndi kununkhiza utsi wotuluka mu injini n'kuuza kompyuta ya galimoto ngati mafuta akuchuluka kapena akuchepa. Mkati mwake muli kotenthetsera, ndipo zonsezi zimadalira timawaya todutsa pafupi ndi chitsulo chotentha.

Mawu a Singano anamubwerera ngati kuti mwini wake waima kumbuyo kwake. "Makina akunena njira, mng'ono wanga, sakunena sensa. Mlendo akapanda kufika suyamba n'kumutukwana, umayamba wafunsa ngati mlatho ulipo." Nyundo anawakankhira kutali mawuwo. Anagula sensa yatsopano, anaimanga, anafufuta uthenga wa m'makina, kanyali n'kuzima. Mawa lake kanayakanso. Iye anati sensayo ndi yabodza, anatukwana ogulitsa zipangizo a masiku ano, n'kumanganso ina. Kanyali sikanamve.

Galimoto inayamba kumwa mafuta ngati yobooka, kumbuyo kukutuluka fungo la petulo ndi mwaye wakuda. Kenako inayamba khalidwe lina. Ikagunda bampu kapena dzenje, fyuzi inkapsa, ndipo popeza fyuzi yomweyo inkadyetsanso mbali ina ya injini, galimoto inkazimira pomwepo. Nyundo anayamba kuyenda ndi mafyuzi m'thumba la malaya ngati maswiti. Ang'onoang'ono atamutopetsa anaika yokulirapo, nayonso n'kupsa.

Mkazi wake, mayi wosoka zovala, ankaona zonsezi. Tsiku lina atamubweretsera chakudya kugalaja anaima pansi pa msomali uja.

"Bambo, ine za magalimoto sindizidziwa," anatero. "Koma ulusi ukamadukira pamalo amodzimodzi, sindisintha ulusi. Ndimayang'ana chimene chikuudula. Bwanji osangotsitsa chinthuchi?"

"Chimenecho ndikachikhudza ndiye kuti ndavomera kuti iye uja ankanena zoona," anayankha Nyundo.

"Nanga akakhala kuti ankanenadi zoona?"

"Mayi, siyani chakudyacho patebulo. Mashini anu akukudikirani."

Mayiyo anasiya chakudyacho n'kupita. Ankamudziwa mwamuna wake kuti ukamukankha amaumirira ngati bawuti ya dzimbiri. Ankadziwanso chimene mwamunayo sankanena, kuti nthawi zina akamasesa galaja tsache linkaima pansi pa msomaliwo kwa kanthawi.

Foni inalira m'mawa wina Nyundo atangotsegula chitseko cha galaja. Anali mlamu wake, mkazi wa Singano, amene mawu ake anali asanawamve kwa zaka.

"Alamu, achimwene anu agonekedwa m'chipatala," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Madokotala sakulonjeza kanthu. Chidzukireni akungotchula inu. Ngati mungathe, bwerani lero."

Mkwiyo wa zaka zonse zija unasungunuka nthawi yomweyo, n'kutsala mantha okhaokha. Nyundo anazindikira kuti chimene ankafuna pamoyo wake chinali chimodzi, kukagwira dzanja la mkulu wake akadali moyo n'kumuuza kuti analakwa. Anathamangira kunyumba, anauza mkazi wake kuti atenge chikwama, ndipo analiza galimoto. Potuluka pageti, tayala linagwera m'kangalande ka m'mphepete mwa msewu, injini n'kuzima. Anapisa dzanja m'thumba la malaya, koma mafyuzi anali atatha.

"Basi yopita kumeneko sinanyamuke," anatero mkazi wake. "Tiyeni tikakwere. Apo ayi, lowani pansipo muone chimene chikuvuta. Achimwene akudikira inu, osati galimoto."

"Basi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Tikafika liti? Ndipo nthawi yolowa pansi pa galimoto si ino."

Nyundo anatenga chidutswa cha waya wamagetsi a m'nyumba, anachisenda ndi mano, anachikulunga pamiyendo ya fyuzi yakupsayo n'kuibwezera m'malo. Injini inalira. Makaniko aliyense amadziwa kuti fyuzi ndi mlonda amene amalolera kufa kuti nyumba ipulumuke, ndipo Nyundo ankadziwa zimenezi kuposa ambiri. Koma mtima unali utatsogola kale kuchipatala, nzeru n'kutsalira pageti.

Poyamba ulendo unakoma. Anaipitirira basi ija itaima pasiteji ina, anthu akukweza katundu.

"Mwaiona basi yanu ija?" anatero Nyundo akuseka.

Mkazi wake anangoyang'ana kunja.

Atafika pakati pa ulendo, pamalo opanda nyumba kapena sitolo, msewu unayamba mabampu. Fungo la pulasitiki wopserera linalowa m'galimoto, kenako utsi unatulukira pansi pa chiwongolero. Nyundo anaima, anatsegula boneti, anazula waya wa batire ndi manja, uku mkazi wake akuthira dothi pamene pankanyeka. Moto unazima, koma mtolo wonse wa mawaya a injini unali utasungunuka n'kugwirana kukhala chinthu chimodzi chakuda. Panalibe sipanala imene ikanadzutsa galimoto imeneyo tsiku limenelo.

Patapita nthawi basi ija inatulukira. Anaibayibitsa onse awiri, koma inali itadzaza mpaka pakhomo ndipo inadutsa osachepetsa liwiro. Magalimoto ena ochepa anadutsanso chimodzimodzi.

Posowa chochita, Nyundo anagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto. Sanafufuze nthawi yaitali. Kogwirira mawaya a sensa kanali katathyoka, ndipo waya anali atagonera paipi ya utsi. Kutentha kunali kutadya chikopa chake, mwakuti galimoto ikagwedezeka mkuwa unkakhudza chitsulo. Malowo anali kutalika kwa chikhatho kuchokera pamene iye anagwirapo ndi sipanala pomanga masensa aja. Likanakhala tsiku lina, kachingwe komangira ndi tepi pang'ono zikanathetsa nkhani yonse. Anakhala pansipo akuyang'ana wayayo, misozi ikutsikira m'makutu.

Foni inaliranso. Anali mlamu wake.

"Muli pati, alamu? Mawu awathera, koma akumva. Ndiwaikire foni kukhutu?"

Nyundo anamva kupuma kolemera kwa mkulu wake. Anali ndi zambiri zimene ankafuna kunena, koma anaona kuti mawu otere sayenera kunenedwa munthu uli pansi pa galimoto. Ankafuna kuwanena atagwada pambali pa bedi.

"Achimwene, ndine," anatero. "Ndikubwera. Ndili ndi mawu, ndinena ndikafika."

Dzuwa linali litapendeka pamene lole ina yonyamula matabwa inawamvera chisoni. Inkayenda ngati ikuwerenga miyala ya mumsewu, ndipo Nyundo, amene moyo wake wonse ankadana ndi zochedwa, anakhala phee pamwamba pa matabwa manja ali m'khosi.

Atafika kuchipatala anathamanga m'khonde mpaka kuchipinda chimene anauzidwa. Bedi linali litayalulidwa, matiresi ali pamtunda. Mlamu wake anali pabenchi panja, chikwama cha zovala za mwamuna wake chili pamiyendo. Atamuona sanakuwe kapena kumudzudzula, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa.

"Anayesetsa kukudikirani, alamu," anatero mayiyo. "Namwino wina atanena kuti basi yakwanu yafika, anatsegula maso n'kuyang'ana kukhomo. Ankaganiza kuti muli momwemo. Anakhala akuyang'ana kukhomoko mpaka tulo tinawatenga."

Nyundo anakhala pansi pasimenti.

"M'mawa, mawu asanawathere, anandipatsa uthenga wanu," anapitiriza mlamu wakeyo. "Anati mita ija muichotse batire yakale, ingawononge mkati. Anati sanaiiwale, anakusiyirani dala, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lina mudzaifuna."

Zaka zonsezo Nyundo ankaona chinthu chapamsomalicho ngati chala chomuloza, osadziwa kuti inali mphatso. Analira ngati mwana, ndipo mkazi wake anagwada pambali pake n'kumugwira phewa.

Maliro atatha anabwerera kwawo pa basi. Galimoto ija anachita kuikoka, ndipo inaikidwa kuseri kwa galaja. M'mawa wotsatira Nyundo anakwera pampando, anachotsa ukonde wa akangaude n'kutsitsa mita ija. Anaipukuta ndi malaya ake, n'kutsegula kumbuyo. Batire inali itaphulika kalekale, madzi ake atadya zitsulo zonse zamkati n'kusiya unga wobiriwira. Anaikamo yatsopano, anagundanitsa waya wofiira ndi wakuda monga ankachitira mkulu wake, koma muvi wa mitayo sunasunthe.

Mkazi wake atabwera ndi chakudya anamupeza atakhala pakampando ka Singano, mita ili m'manja. Mayiyo anaika mbale patebulo n'kukhala naye pafupi.

"Ndinaipitirira basi ija ndikuseka," anatero Nyundo. "Ikanandifikitsa ali maso."

Kunja makasitomala anali atayamba kufika, ndipo wina ankaliza hutala kuti athandizidwe msanga. Nyundo sanadzuke. Anali ataphunzira mochedwa, pamtengo wa mbale wake yekhayo, chimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti kuthamanga si kufika.