Zipsera za Magitala a Eulalio

Casimiro Arce adabwerera ku fakitale ya magitala amagetsi ya ku Ensenada Lachisanu m'mawa, atakhala kunyumba miyezi iwiri chifukwa cha opaleshoni ya phewa. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ntchito yake idali imodzi: kupukuta magitala ndi mabesi, magitala a mawu aakulu aja, akachoka kopenta, mpaka munthu azitha kumeta ndevu akudziyang'anira pamenepo. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sitingamulande. Koma kufunsa mnzake kanthu ankakuona ngati kuvula pagulu.

Atalowa m'chipinda chake adangoti kakasi. Pakhoma padali popachikidwa magitala asanu ndi mabesi atatu, osaikidwabe nsambo, koma ooneka ngati atoledwa kudzala. Penti idali itasupuka m'mbali, pena thabwa likuonekera, kumsana kuli mikwingwirima yokhayokha, zitsulo zili ndi dzimbiri. Pa gitala iliyonse padali kapepala ka dzina la amene adaigwira: Eulalio Meza.

Eulalio adali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake Ofelia, ndipo ankagwira ntchito kopenta. Chaka chapitacho manja ake adayamba kunjenjemera, moti khofi ankatayikira m'sosala asanafike pakamwa. Pabanja nkhaniyi ankaidziwa, koma adapangana kuti isafike ku fakitale. Kudatsala zaka ziwiri zokha kuti mkuluyo apume pantchito, komanso mkazi wake wodwala shuga ankalandira mankhwala chifukwa cha ntchito yomweyo. Casimiro adagwidwa ndi mantha. Mumtima mwake adati Nereida, mayi woyang'anira fakitale, akangoona zimenezi, mlamu wake sadzamaliza ndi sabata yomwe.

Eulalio mwini wakeyo kudalibe. Adali atapita ku Tecate ku ubatizo wa mdzukulu wake, ndipo ankayembekezeka Lolemba. Casimiro adawerenga masiku pa zala, nayamba kutsitsa magitala aja kuti awabise kuseri kwa katani. Ali mkati mochita zimenezi adatulukira Maribel, mayi wolumikiza mawaya a m'magitala.

"A Casimiro, phewa mwabwera nalo latsopano, koma nkhope ndi yakale yomwe ija," adatero Maribel akuseka. Ataona zimene adanyamula, kuseka kudatha. "Amenewo wakuuzani ndani kuti muwagwire? Bwanji osayamba mwaonana ndi a Nereida?"

"Inu mayi, pitani mukapote mawaya anu. Penti ndidayamba kuinunkhiza inu mukadali kusukulu."

Maribel adangokweza mapewa n'kubwerera pampando wake. Munthu wamkulu sakakamizidwa kumva.

Madzulo Ofelia adaona kuti mwamuna wake akungotembenuza chakudya m'mbale, ndipo atamupanikiza adaulula. Mayiyo adamupatsira foni kuti awaimbire achimwene ake, amve kaye kuti zidayenda bwanji. Casimiro adakana. Adati munthu sungamuimbire ali pa ubatizo wa mdzukulu wake n'kumufunsa ngati manja ake atha ntchito. Kupita kwa Nereida nakonso, adatero, kudali kofanana ndi kukamunenera. Iye akonza yekha mwakachetechete, ndipo Lolemba padzakhala palibe chooneka.

Loweruka lonse adathera m'chipinda chopentera. Adamata maenje, adapala ndi sandipepala, adasakaniza penti mpaka mtundu udafanana, napopera. Zitsulo adazikwecha mpaka dzimbiri lonse lidachoka. Phewa linkayaka moto, ndipo mapazi akamveka pakhonde mtima wake unkagunda ngati wakuba, chikhalirecho ankakonza katundu wa fakitale yomweyo. Chakudya chimene Ofelia adamukulungira chidazizira osachigwira.

Chinthu chimodzi chidamuvutitsa maganizo. Penti idaperepeseka pamene pamagona mkono wa woimba, ndipo mikwingwirima idali pamene pamakhudza chitsulo cha lamba, pa magitala onse asanu ndi atatu. Manja onjenjemera sasankha malo chotero. Adaima kanthawi, sandipepala ili m'manja, foni ili m'thumba. Kenako adadziuza kuti nthawi ikutha, ndipo adapitiriza.

Lolemba adalawirira kukapukuta. Pofika naini koloko magitala aja adali akunyezimira pakhoma, opanda ngakhale kachipsera. Adangotsala pang'ono kupuma pamene chitseko chidatseguka. Adalowa Nereida, pambuyo pake mzungu wina wamasitolo a zoimbira wochokera ku Los Angeles, kenako Eulalio atavala malaya ositasita, nkhope ili mwee.

Eulalio adayang'ana khoma, nayang'ananso, kumwetulira kukuzimiririka pang'onopang'ono. Nereida adafunsa kuti magitala a Eulalio ali kuti. Casimiro adaloza khomalo, nati adawapeza ali ndi tizovuta ndiye wangowakonzako pang'ono.

"Tizovuta?" adatero Nereida motsitsa mawu. "A Casimiro, zipsera zija ndiye katundu amene bamboyu wabwerera."

Adamufotokozera mwachidule, mlendo ali chiimire. Kudali oimba ena ofuna gitala yatsopano yooneka ngati yaimbidwa zaka makumi atatu m'malo omwera mowa, ndipo yotero inkagulidwa modula kuposa yonyezimira. Za manja a Eulalio akuluakulu adazidziwa kalekale, ndipo adafuna kumuchotsa chifukwa kupopera penti kudayamba kumukanika. Nereida ndiye adamupempherera kuti ayesedwe pa ntchito yatsopanoyi, imene inkafuna diso la munthu wodziwa mmene gitala imakalambira. Kwa masabata atatu Eulalio adakhala akukanda ndi makiyi, kupala ndi lezala, kuviika zitsulo m'viniga, chipsera chilichonse pamalo pake. Magitala asanu ndi atatuwo adali chitsanzo. Mlendoyo akadawakonda, ntchito ya Eulalio ikadapitirira.

Mlendoyo adanyamula besi imodzi, naitembenuza uku ndi uku. Adayamikira kuti idapukutidwa bwino zedi, koma adati zoterozo ali nazo zodzaza sitolo. Masabata ena atatu sakadatha kudikira, poti fakitale ina idali itamuonetsa kale zitsanzo zake. Adagwira onse chanza mwaulemu, ndipo Nereida adamuperekeza ku galimoto.

M'chipindamo mudatsala awiri. Eulalio adayandikira khoma, nayendetsa chala chake chonjenjemera pamene padali chipsera chimene adachivutikira masiku awiri. Sadakalipe, ndipo kusakalipako kudamupweteka Casimiro koposa.

"Ndimafuna kukutetezani, alamu," adatero Casimiro.

"Ndikudziwa, alamu. Koma mukadangondifunsa. Mawu awiri okha."

Mwezi utatha, kalata yochotsa Eulalio ntchito idatuluka. Adatenga jekete lake ndi kapu yake ya khofi, natsanzikana ndi anzake mmodzimmodzi. Atafika pa chipinda chopukutira adagwedeza mutu chabe, napitirira. Casimiro adapatsidwa chenjezo koma ntchito idamutsalira, ndipo zimenezo zidamulemera kuposa kuchotsedwa, chifukwa Lamlungu lililonse ankakhala patebulo limodzi ndi munthu amene adamuphera ntchito ndi luso lake lomwe. Dzanja lidali labwino, cholinga chidali chabwino, chidasowa ndi funso limodzi lokha. Akuluakulu sadaname pamene adati safunsa adadya phula.